Chaka Chimene Tinasiya Kusamuka

Ndinabadwira pa esiteti ya fodya ku Kaomba, m'nyumba imene sinali ya makolo anga. Iwo anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti, ndipo kumudziko malo anali atagawana kale abale. Pa esiteti, fodya akangopita ku okushoni, bwana ankasankha otsala ndi ochoka, ochokawo n'kumanga mitolo. Nditakwatiwa ndi mnyamata wa pa esiteti yoyandikana nafe, nayenso mwana wa matenanti, moyo unangopitirira momwemo. Mwana wathu aliyense ali ndi esiteti yake imene anabadwirapo.

Amuna anga anali katswiri pomanga zigafa, zisakasa zazitali zija zoumitsiramo fodya. Nyumba zathu ankamanganso okha, koma mongogwirizira, mitengo yosazika kwenikweni, udzu wongoyala. Ndikadandaula kuti denga likudontha ankati, "Mayi, ndilimbitsirenji nyumba yoti chaka chamawa mugona munthu wina?"

Tsiku lina tinamva kuti kukubwera anthu ochokera ku boma kudzachititsa msonkhano wa mabanja opanda malo. Amuna anga anakana kupita. Anali pakati posoka fodya, ndipo anati zoterezi anazimvapo ali mnyamata. Ine ndinabereka mwana n'kupita ndekha. Amene ankayankhula anali mayi wina wamfupi, wa ku ofesi yoona za malo. Anati boma lili ndi ndondomeko yoti munthu asamakalambe alibe pogona pakepake, ndipo latenga esiteti ina yakale cha ku Simlemba, imene eni ake anasiya kulima, kuti ligawire mabanja ngati athu. Anatifunsa mmodzimmodzi za kumene tinachokera ndi kumene tingapite bwana atatichotsa. Itafika nthawi yanga ndinangoti, "Kulibe." Mayiyo anagwedeza mutu, osafunsanso zambiri.

Mvula inagwa mpaka kutha tisanamve kanthu. Amuna anga ankandiseka kuti, "Munda wanu uja wabereka bwanji chaka chino?" Koma fodya atatha kugulitsidwa, uthenga unafika woti tikaone malo. Tsiku limenelo anayamba kusamba ndi iwowo.

Tinapeza tchire lokhalokha, tsekera wofika m'khosi, ndi chulu chachikulu pakati. Mayi uja anatiyendetsa m'malire, akutionetsa timiyala ta simenti tokwiriridwa m'makona. Amuna anga ankatsatira m'mbuyo, chipewa chili m'manja. Titamaliza anakhosomola pang'ono n'kufunsa, "Pepani mayi, nanga kapitawo wa kuno ndi uti?"

"Kuno kulibe kapitawo, bambo," anayankha mayiyo.

"Nanga fodyayo tizikapereka kwa yani?"

"Mukafuna limani fodya, mukafuna soya, mukafuna mtedza. Zimenezo mukakambirana ndi akazi anuwa."

Pobwerera, titatsala pang'ono kufika, amuna anga anangoima pamsewu n'kuyamba kuseka okha, mpaka wanjinga wina anacheuka.

Tinasamuka mwezi wa Juni, n'kuyamba tagona mu kamsasa ka udzu. Tinagwirizana kuti nyumba ya ulendo uno ikhale ya njerwa zootcha, ndipo dothi labwino linali pa chulu chija. Mmawa wina ndinaona amuna anga atavala malaya a kutchalitchi, akulowera kwa mayi wina wachikulire wa m'mudzi wakale umene tinachita nawo malire. Ndinawatsatira. Anafika n'kunjuta, n'kupempha mwaulemu kuti awalole kukumba dothi pa chulupo.

Mayiwo, amene Chichewa chawo chinkasakanikirana ndi Chitumbuka, anawayang'anitsitsa. "Yayi, adada! Chulu chili m'munda mwanu, mukudzapempha kwa ine? Kodi mawa mudzabweranso kudzapempha kuti mukhale pakhonde panu?"

Anaseka mpaka misozi, ife n'kusekanso nawo. Anatipatsa chipanda cha thobwa, ndipo potsazikana anatibwereka chikombole choumbira njerwa. Kuyambira tsiku limenelo ndimawatcha amayi, ndipo ana anga amawatcha agogo.

Njerwa tinkaumba mothandizana ndi mabanja ena amene anabwera nafe, lero kwa uyu, mawa kwa uje. Anthu ochokera ku Thyolo, ku Dedza, ku Mangochi, tonse matope mpaka m'maondo, nyimbo zosiyanasiyana zikungosokonezana. Uvuni wathu utazizira, boma linatithandiza ndi malata ndi simenti. Mwenimwini sitolo wina wachisilamu wa pa msika wapafupi ndi amene anatinyamulira pa lole yake, atangotuluka ku mzikiti tsiku Lachisanu. Ine ndinakwera kumbuyo, nditakhalira malatawo ngati wina andilanda.

Pomanga ndi pamene panali nkhani. Manja a amuna anga anazolowera zigafa, ndiye khoma linkangokwera. Lapitirira pa mawindo, lapitirira pamene anzathu analekezera, iwo akuwonjezabe mzere wina. Anzawo ankaima pansi n'kumakuwa, "Achimwene, mukufuna kudzapachikamo fodya?" Iwo ali pamwamba ankangoti, "Ndisiyeni, ndi yanga." Mpaka lero nyumba yathu ndi yaitali kuposa zonse m'deralo, ndipo mlendo akasochera amangouzidwa kuti alunjike pa nyumba yonga tchalitchi. Koma mwezi wa Okutobala, anzathu akamapsa ndi kutentha kwa malata, amabwera kudzacheza m'nyumba mwathu.

Mvula yoyamba inabwera masana, tikuchokera kumunda. Itangoyamba, miyendo yanga inathamanga yokha. Ndinatola mabeseni, ndowa, ngakhale poto wa ndiwo, n'kuziika pakona iyi ndi iyo monga ndinkachitira moyo wanga wonse. Kenaka ndinaima n'kumadikira. Palibe dontho limene linagwa. Amuna anga anali pakhomo atagwira m'mimba ndi kuseka. Ankayankhula zinazake koma sindinkamva, chifukwa malata ankalira ngati ng'oma. Ndinakuwa kuti, "Mukuti chiyani?" Iwo anakuwanso, koma osamvekabe. Ana anayamba kuvina pakati pa mabeseni opanda madziwo, ndipo nanenso ndinamanga chitenje m'chiuno n'kulowa m'bwalo.

Sikuti zonse zinali zofewa. Mjigo unali kutali, sukulu kutsidya kwa dambo, ndipo anzathu ambiri anatsala pa maesiteti akudikirabe. Mmodzi wa iwo anali mng'ono wanga. Msika wa fodya wotsatira utatha, bwana wawo anawauza kuti achoke. Anafika kwathu madzulo ena pa ngolo, iye, mwamuna wake ndi ana, mitolo ili pamwamba. Anatsika mwamanyazi n'kunena kuti, "Achemwali, tingogona masiku ochepa."

Amuna anga anali atayamba kale kumasula zingwe za katundu. "Mlamu," anatero, "lowetsani zonse m'nyumba. Za masiku sitinakufunseni."

Anakhala nafe mpaka dzinja linadutsa. Mng'ono wangayo anabzala mbatata kuseri kwa khitchini, ndipo tinakumba limodzi. Pamene anthu a ku boma anabweranso kudzakumana ndi mabanja ena opanda malo, ndinamuperekeza ku msonkhano, ndipo mwamuna wake anatsogola ndi njinga kukatisungira pokhala kutsogolo.