Msoti Unachongedwa pa Foni, Ine Ulendo wa ku Mkanda

Ndinanyamuka kwathu kufupi ndi Guilleme Loweruka, 6 koloko m'mawa, nditavala suti yanga yabuluu imene imayenda pa maukwati ndi pa maliro pomwe. Ndinkapita ku Mkanda ku chinkhoswe cha Tadala, mwana wa malemu mlongo wanga. Malume wake ndinatsala ndekha, ndiye ntchito yanga inali imodzi basi: kufika 11 koloko isanakwane msoti uli m'manja, kuti akuchimuna akapereka tambala, ine ndibweze msotiwo. Mayi a kunyumba anali atatsogola Lachisanu ndi mapoto.

Ine ndine mphunzitsi woiwalaiwala, moti chaka chatha mnzanga anandiikira kapulogalamu kolembamo ntchito. Ukalemba pa foni, zomwezo zimatulukira pa laputopu ndi pa tabuleti ya akazi anga. Ukachonga pamodzi, zachongeka ponse. Kalinso ndi batani lotseka mafoni onse obwera, kuti mutu ukhale pa ntchito. Kanthu kameneka ndinkakakhulupirira kuposa maso anga, ndipo ndikunena izi ndi manyazi.

Ndikukhoma chitseko ndinasuzumira pa foni. Mzere wakuti "Tenga msoti" unali wochonga kale. Ndinati eya, mayi anyamula, achonga pa tabuleti, mkazi ndi ameneyu! Pakhonde panali dengu lovundikira, pansi pake china chake chikupalasa. Ndinayang'ana dengu, ndinayang'ana foni, ndinasankha foni. Kenako ndinadina batani lotseka mafoni lija n'kukwera kabaza wa K1,500 mpaka pa msewu wa tala.

Minibasi yopita ku Boma inali K3,000. Ndinakhala pakati pa thumba la mtedza ndi bambo wina amene anagona paphewa panga tisanayende n'komwe. Tili m'njira foni inanjenjemera. Ntchito yatsopano: "Chingwe cha tenti, mamita 20." Ine sindinalembe zimenezi. Koma ndinamvapo kuti mapulogalamu a masiku ano amaganiza okha, ndiye ndinati taonani nzeru, kadziwa kuti pa chinkhoswe pamakhala tenti.

Pa Boma ndinatsika 8 koloko n'kulunjika ku sitolo ya zitsulo. Ndikupinda chingwe changa, foni inanjenjemeranso: "Mafuta a buleki."

"Galimoto yake yanji, bambo?" anafunsa mayi wogulitsa.

"Galimoto ndilibe."

"Nanga buleki wa chiyani?"

"Foni yanena."

Mayiyo anandiyang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato, n'kundikulungira botolo.

Wachitatu unabwera mzere wakuti "Metetsa ndevu." Anthuni, ine ndevu sindinamerepo chibadwire. Komabe ndinakakhala pa mzere wa anthu anayi ku babashopu. Nditafika pampando wometayo anandigwira chibwano, kuchitembenuzira uku ndi uku.

"Akulu, ndimete pati?"

"Paliponse pamene mukuona kuti zingadzamere."

Anayendetsa makina pa khungu lopanda kanthu, ine n'kuchonga mzere wanga mtima uli mbee. Ndinadya chipisi cha pa chiwaya ndi dzira limodzi, poti pamndandanda panatulukanso "Idya." Nthawi ndinkaiona ndithu, koma mzere wosachonga unkandiyabwa ngati chitedze.

Kasiyenta ka ku Mkanda kanali K6,000, ndipo kanadikira mpaka tinakwana anthu khumi m'galimoto ya anthu asanu ndi awiri. Tinanyamuka 11 koloko itadutsa kale. Mayi wina wa geni ya zitenje zochokera ku Chipata anakhala theka pampando, theka pantchafu panga, maso ake pa foni yanga. Itanjenjemera anawerenga mokweza ine ndisanaone n'komwe:

"'Imbira Mwansa wa ku Chipata, umuuze ndifika Lachiwiri, asaphike kapenta.' Ee, bambo! Suti yonseyi muli ndi wa ku Chipata?"

Galimoto yonse inafa ndi phwete, dalaivala mpaka kumenya chiwongolero. Ine mutu unaima. Ku Chipata sindinapondeko, ndipo kapenta ndimamukonda. Apa m'pamene ndinakumbukira foni yanga yakale yong'aluka galasi, imene ndinapatsa alamu anga aChisale, oyendetsa thiraki pa boda. Ndinawapatsa osatulukamo mu akaunti.

Ndinatsegula batani lija. Mafoni khumi ndi anayi a mayi a kunyumba anali atagogoda pachabe. Sindinalimbe mtima kuwayankha, ndinayamba ndaimbira alamu.

"Aaa, alamu, ndiye ndinu mumandilembera za nkhuku m'kabuku kanga?" anatero aChisale, injini ikulira kumbuyo. "Ndinachonga kuti zichoke, zimanditchinga. Chingwe mwagula? Mwachita bwino, musunge."

Ndinapsa mtima, koma ndikanakalipira ndani? Dengu ndinaliona ndi maso anga. Ndinapempha dalaivala kuti aime paliponse pamene pali nkhuku, iye anati yake si galimoto ya mavenda. Kutsogolo tayala linaphulika, tinakhala pa fumbi pafupifupi ola, ine chingwe paphewa, botolo la buleki m'thumba la jekete.

Ku Mkanda ndinafika 2 koloko. Nthungululu ndinazimvera kumsewu. Mayi a kunyumba anandichingamira pa mpanda, anayang'ana katundu wanga, n'kuomba m'manja kamodzi.

"Msoti uli kuti, bambo?"

"Uli pansi pa dengu."

"Chabwino. Ife tabwereka wa aneba, ndipo waperekedwa ndi aBanda ogulitsa tomato. Anthu adikira maola awiri, akuchimuna mpaka anayamba kufunsa ngati mwanayu ali ndi abale."

Inu amene muli ndi timapulogalamu timeneti, mverani kwa ine amene ndapsa. Foni mukapatsa munthu, tulukanimo kaye. Tsiku la chinthu chachikulu lembani ntchito imodzi, zina zidikire mawa, pakuti mapanga awiri avumbwitsa. Batani lotseka mafoni lili ndi malo oikapo anthu oloredwa kudutsa, ikanimo akazi anu. Ndipo dengu likamapalasa, vundukulani.

Koma izi ndi zing'onozing'ono. Tadala anatuluka m'nyumba atavala chitenje chofanana ndi malaya a mwamuna wake, nagwada patsogolo panga monga amachitira kuyambira ali kamwana. Ndinayamba kufotokoza za akaunti, za alamu, za tayala. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, osakwiya, ndipo bola akanakwiya.

"Zamveka, amalume. Mndandandawo unali wautali," anatero. "Ine munandilemba pa nambala chani?"

Ndinatulutsa foni kuti ndimuonetse. Ndinayenda ndi chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, kawiri konse. Suti inalipo, thiransipoti inalipo, ndevu zinalipo. Dzina la mwana wa mlongo wanga panalibe.