Matayala a Akamwini

Ndinayendetsa malole a matabwa pa Phiri la Zomba zaka zambiri, mpaka pamene maso anayamba kundinamiza m'nkhungu ndipo ndinapuma pa ntchito. Kona iliyonse ya msewu umenewo ndimaidziwa. Ndimadziwanso maenje amene amabwerera dzinja lililonse ngakhale awakwirire bwanji. Tsono ndikamanena za matayala sindinena zongomva kwa anthu, ayi. Ndasintha matayala mvula ikundikwapula kumsana, lole itadzaza zipika, pamalo poti jeke ikaterereka basi mkazi wako ndi wamasiye.

Mwana wanga wamkazi, wachisamba, anakwatiwa ndi mnyamata wokulira mumzinda wa Blantyre. Akamwini amenewa ndi munthu wabwino, sindingawanamizire. Samwa, sakweza mawu, akafika kwathu ku Sadzi amanjuta popereka moni. Anapeza ntchito yoyang'anira malo ena ogona alendo pamwamba pa phiri, ndipo anapatsidwa nyumba komweko, kuseri kwa mitengo ya paini, kumene phula limathera n'kuyamba msewu wadothi. Matenda awo anali amodzi okha, galimoto.

Inali galimoto yaing'ono yofiira, ya kaunjika wa ku Japan, ndipo itafika inali bwinobwino. Akamwini ndiwo anaiona kuti ikudwala. Anayamba ndi ekizozi, n'kuika ina yolira mwakuti akamatsika phiri agalu a ku Sadzi ankadziwa ife tisanadziwe. Injini anaichita zimene anaichita kuti izithamanga. Mabuleki anachotsa, n'kuika ena akuluakulu opaka utoto wachikasu, ati azioneka. Kenaka anadulitsa masipuling'i kuti galimoto itsike, mimba yake izingotsala pang'ono kupsopsona dothi. Zonsezi ndinkangoyang'ana, mumtima ndikuti za achinyamata, zidzawatopetsa okha.

Loweruka lina anabwera ndi mkazi wawo kudzationa. Mwana wanga analowa kukhitchini kwa amayi ake, akamwini n'kundipeza pakhonde. Ananjuta patali pang'ono monga mwa nthawi zonse, kenaka anasendera, foni ili kumanja.

"Bambo, inu ndinu odziwa za msewu. Ndikufuna kusintha mawilo. Pali awa a 16, ndiye pali awa a 18. Mukuona bwanji?"

Anandifunsa, abale. Zimenezi ndizinene poyera chifukwa ndi zimene zimandidya. Munthu anabwera yekha, n'kunjuta, n'kundifunsa.

Kwa amene simunakhalepo pansi pa galimoto, nkhani yake ndi iyi. Pa tayala lililonse pali manambala atatu. Yoyamba imanena kufutukuka kwa tayala. Yomaliza imanena kukula kwa limu, chitsulo chija tayala limavalapo. Yapakati ndiyo imene anyamata saiwerenga, koma ndiyo mwini nkhani, chifukwa imanena kuchuluka kwa mphira pakati pa chitsulo ndi msewu. Galimoto ija inabwera ndi malimu a 15, matayala ake nambala yapakati 65, onenepa bwino, oti akagwa m'dzenje amangodzikunga n'kudutsa. Limu likakula, tayala liyenera kuonda kuti zonse zikwane pansi pa madigadi. Ukafika pa 18, nambala ija imagwa mpaka 40, kamphira kopyapyala ngati kuphazi kwa patapata. Pa phula losalala matayala otere amagwira makona bwino, sindikana. Koma ukagunda m'mphepete mwa dzenje, mphira umapanikizika pakati pa mwala ndi chitsulo n'kung'ambika, nthawi zina limu lenilenilo kusweka. Zonsezi ndinkazidziwa monga ndidziwira dzina langa.

Ndinayang'ana pa foni, ndinayang'ana nkhope ya akamwini. Chala chawo chinali chitakhala kale pa 18, maso akuwala.

Kwathu kuno mpongozi sakanira mkamwini pamaso. Mwana wako wobala ukhoza kumuuza kuti iwe, leka zopusazo. Mkamwini ndi mwana wa eni, umamulankhula modutsa m'mbali, iye n'kumva yekha. Ndiye panali chinanso. Mwana wanga anali ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo bambo satchula mimba ya mwana wake wamkazi, makamaka kwa mwamuna wake. Mawu enieni amene anali pakhosi panga anali akuti galimoto imeneyi ndi imene idzatsitse mwana wanga kuphiri tsiku lake likadzakwana. Mawu amenewo sakanatuluka mkamwa mwanga, mwambo sulola.

Ndiye ndinati, "Awa a 18 ndi okongola zedi, bambo. Ngoyenera misewu ya ku Blantyre."

Munthu aliyense wokulira kuno akanamva kuti ndakana. Ngoyenera ku Blantyre, ndiye kuti kuno ayi. Ngakhale mwana wa sitandade 3 akanamva. Akamwini anamwetulira, anathokoza kawiri, n'kuika foni m'thumba.

Madzulo ake ndinauza mkazi wanga kuti akauze mwana wake awaletse amuna ake. Mkazi wanga anati, "Inu mwawauza chiyani?" Ndinati ndawauza. Iye anakanena kwa mwana kuti abambo ako akudandaula za galimoto. Mwana anaseka, ati ababa nawonso, akuyesa galimoto iliyonse ndi lole. Uthenga unathera pomwepo. Unachoka kwa ine uli ndi mano, unakafika uko uli nkhama zokhazokha.

Patapita masabata atatu galimoto inabwera itavala. Malimu akuda, onyezimira, matayala ngati angopakapo utoto. Pa mahampu a mtauni inkadutsa chammbali, wilo limodzilimodzi, minibasi zikuimba mabelu kumbuyo. Itaima pabwalo panga ndinaizungulira. Ndinalowetsa dzanja pakati pa tayala lakumbuyo ndi madigadi, zala ziwiri zinakana kulowa. Galimoto yopanda munthu imeneyo! Nanga mukakwera anthu?

"Sipeya ilipo?" ndinafunsa.

"Ilipo bambo, yakale ija, ili m'buti."

Ndinayang'ana mabuleki achikasu aja akusuzumira pakati pa zitsulo za limu. Mtima unandiuza kuti limu la 15 silingavale pamwamba pa zimabuleki zoterozo. Ndinati, "Mudzaiyese tsiku lina mukadzapeza mpata." Tsiku lina! Mukadzapeza mpata! Jeke inali pomwepo, sipanala inali pomwepo, ntchito yoti sukanamaliza n'komwe kapu ya tiyi. Koma kugwada pansi pa galimoto ya mkamwini n'kumuonetsa cholakwa chake pamaso pa mkazi wake, ndinaona ngati n'kumuvula. Ndinasamba m'manja, tinakadya.

Mkazi wanga anali atapangana ndi mwana wathu kuti mwezi womaliza wa pakati adzatsike kudzakhala nafe ku Sadzi, pafupi ndi chipatala. Mwezi womalizawo sunadikiridwe. Linali Lachinayi m'dzinja, dzuwa lili paliwombo, mvula itangokata kumene, pamene foni yanga inalira. Anali akamwini.

"Bambo, adwala mwadzidzidzi. Timatsika, ndiye tayala laphulika."

"Muli pati?"

"Sitinafike paphula."

"Ikani sipeya."

Anati, "Ikukana, bambo. Ikugunda buleki."

Sindikumbuka ngati ndinatseka chitseko. Ndinaimitsa wa kabaza wa njinga yamoto, mkazi wanga n'kukwera ina, tinayamba kukwera phiri. Ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu ankatitambasulira timbale tawo, ine ndikungomenya wa kabaza paphewa kuti thamanga. Njira yonse ndinkatukwana chamumtima. Ndinatukwana akamwini, ndinatukwana amene anawagulitsa malimuwo, ndinatukwana amene anayambitsa zoti galimoto yokongola ndi yokwawa. Ndekha ndinadzisiyira kumapeto.

Tinaipeza pa msewu wadothi, pamalo pamene madzi anakumba kangalande kodutsa pakati. Kangalande koti lole yanga sikanakamva n'komwe, koti matayala akale aja akanangodutsa. Wilo lakutsogolo linali phwa, limu litang'aluka. Lakumbuyo nalo linali litachekeka m'mbali ndi madigadi. Ndiye kuti ngakhale sipeya ikanalowa, panafunika ziwiri. Akamwini anali atakhala m'matope, malaya oyera atasanduka ofiira ndi dothi, akuyesabe kukankhira wilo lakale pa buleki ija ngati kuti likawamvera chisoni lilowa. Anali ataimbira kale anthu ena, koma galimoto ya kuntchito kwawo inali itapita ku Blantyre m'mawa, ndipo amatakisi awiri mtauni anakana kukwera msewu wadothi ndi matope amenewo.

Mwana wanga sindinamuone. Amayi otola nkhuni anali atatula mitolo yawo, n'kuzinga chitseko chakumbuyo ndi zitenje. Mkazi wanga analowa m'kati mwa zitenjemo. Ine ndinaima patali, monga ayenera kuchitira bambo, ndikungomva kubuula. Atatuluka mkazi wanga anandiyang'ana n'kunena mawu amodzi, "Magazi."

Chimene chinatitenga ndi lole ya zipika yochokera kumtunda. Dalaivala wake ankandidziwa, sanafunse zambiri. Amayi otola nkhuni aja anamunyamula mwana wanga n'kumukweza kutsogolo pamodzi ndi amayi ake, ine ndi akamwini tinakwera pamwamba pa zipika. Lole yodzaza imatsika Phiri la Zomba ndi giya yaing'ono, pang'onopang'ono, injini ikulira, apo ayi mabuleki amapsa n'kukakutayani kuphompho. Ndikudziwa chifukwa ndinkaphunzitsa anthu zimenezo ndine. Ndinkafuna kumenya denga kuti fulumira, koma ndinkadziwa kuti mnyamatayo akuyendetsa bwino. Tinadutsa damu la Mulunguzi, tinatsika makona onse aja limodzilimodzi, anthu okankha njinga za nkhuni akutsala pang'ono kutipitirira. Sindinayambe ndaonapo phiri lija litatalika chotero.

Kuchipatala anamulandira msanga, pamenepo palibe woti ndimudandaule. Ife amuna tinatsala panja pansi pa mtengo. Ndi pamenepo pamene ndinaphulika, pa malo olakwika, nthawi itatha kale. Mwambo wonse ndinautaya pansi.

"Iwe," ndinatero, ndipo aka kanali koyamba kuwatchula choncho. "Unkayesa phiri lija ndi bwalo la chionetsero? Mkazi ali choncho, iwe n'kumavalika galimoto timphira ta patapata? Wadula masipuling'i, wakuza mabuleki, sipeya osayesa n'komwe? Sukulu yonse ija inakuthandiza chiyani? Nambala zitatu zokha kukukanika kuwerenga?"

Anthu odikirira odwala anatembenuka. Sindinasamale. Ndinalankhula mpaka mawu anasasa.

Akamwini anangowerama. Nditatopa anadzutsa mutu, misozi ikutsika, ndipo analankhula mwaulemu womwe uja.

"Bambo, ndinabwera kudzakufunsani. Munati ndi okongola."

"Ndinati ngoyenera ku Blantyre!"

"Ine ndinamva ngati mukutanthauza kuti ndi apamwamba. Mukanangoti ayi, bambo, ndikanagula a 16. Sindikanakutsutsani inu."

Ndinkafuna atanama, ndinkafuna atandiyankha mwachipongwe kuti ndipeze powagwira. Koma ankanena zoona, ndipo ndinadziwa kuti akunena zoona. Mnyamata wokulira m'tauni, mawu amawamva monga anenedwera.

Mkazi wanga anatuluka dzuwa litapendeka. Anati mwana wathu ali moyo, amuika magazi. Khanda linali lalimuna, linabadwa litapita kale.

Ndafunsa anthu odziwa ngati likanapulumuka tikanafika msanga. Ena amati mwina, ena amati matenda amenewo amachitika ngakhale uli pakhomo pa chipatala. Palibe amene wandiuza kuti inde, palibenso amene wandiuza kuti ayi, ndipo chimenechi n'chimene chimandipsetsa mtima kuposa zonse. Ndikanakonda chiweruzo, kaya chondipachika.

Khanda lotere siliikidwa ndi amuna, sililiridwanso mokweza. Anapita nalo amayi okha m'mawa mwake, atalikulunga m'nsalu. Ine ndi akamwini tinatsala pakhonde ku Sadzi, mipando iwiri, aliyense akuyang'ana kwake. Tiyi anazizira pa tebulo. Mdzukulu wanga woyamba sindinamuone nkhope, ndipo pamene anagona sindipadziwa.

Mwana wanga atatulutsidwa m'chipatala anabwera kwathu kudzachira. Tsiku lina masana amayi ake anandiuza kuti akundiitana. Ndinalowa, ndinakhala pa mpando pafupi ndi chitseko. Anali atagona chammbali, ataonda, maso ali gwa pa ine.

"Ababa, abambo akunyumba andiuza zimene munakambirana kuchipatala. Ndiye kuti inu munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Kuyambira tsiku loyamba?"

"Eya."

"Za sipeya zomwe?"

"Ndinkakayikira."

"Ndiye bwanji simunanene?"

Ndinayamba kufotokoza za ulemu, kuti mkamwini sauzidwa zinthu mwachindunji, kuti pali mawu amene bambo satchula. Anandisiya ndilankhule mpaka ndinamaliza. Sanalire, sanakweze mawu.

"Chabwino ababa, ndamva. Amuna anga munawalemekeza," anatero. "Nanga m'galimotomo mumati muzikwera ndani?"