Ulendo wa Dolika Wokaona Phanga la Makolo Ake

Dolika anabadwira m'mudzi wa Achewa kumapiri a kum'mwera kwa Fort Jameson. Anali wamfupi, wokonda kuseka, ndipo mbiya zake amayi ankalimbirana. Anakwatiwa ndi Boaz Thole, Mngoni wa ku Madzimoyo, kapitawo pa famu ya fodya ya mzungu wina. Boaz analowola ndi ng'ombe, choncho ana anali ake: Zelipa, ndi kamwana kakamuna kamene kanali kadakali kubere.

M'chaka cha 1936 banga loyererako linatuluka pa phewa la Dolika. Silinkayabwa. Iye ankati ndi chipere. Boaz naye analiona. Ankakumbukira khukhi wa pafamupo amene anapezeka ndi khate: mzungu anamuthamangitsa ndi banja lonse, nyumba n'kuitentha.

Kuyambira kale Dolika ankapempha mwamuna wake kuti akamuonetse phanga limene amayi ake anabadwiramo, nthawi imene Achewa ankathawa nkhondo ya Angoni. Boaz ankangoseka kuti alibe nthawi yokaona kumene anthu ankabisala ngati mbira. Koma m'mawa wina wa mwezi wa Juni, chisanu chili tsoo, anamudzutsa.

"Amake Zelipa, konzekani. Lero tikaone phanga lanu lija. Ana asiyeni kwa achemwali anga."

Dolika anakondwa ngati mtsikana. Anaotcha mbatata, n'kuvala nsalu yake ya kutchalitchi.

Njira youma inalipo yozungulira dambo, koma Boaz anasankha kudutsa pakati. Nkhungu inali itaphimba mabango. Atangoponda m'madzi, Boaz anatukwana, mano ali gwegwegwe.

"Tsogolani inu," anatero.

Dolika anatsogola, matope akufika m'mawondo, nsalu atapinda. Anacheuka akuseka. "Atate ake Zelipa, mwamuna wamkulu kuopa madzi! Sakuzizira konse amenewa."

Boaz sanaseke. Ankangoyang'ana miyendo ya mkazi wake.

Tsidya lina anthu anali atatentha udzu, patatsala ziputu zakuthwa. Anadutsa pa ng'anjo zakugwa pamene akale ankasungunulira chitsulo, ndipo Dolika anatola chibulumwa chakuda kuti akaonetse Zelipa. Kenako anafika pa linga lakale, mtumbira wautali wadothi umene unamera mitengo. Dolika analongosola zimene anamva kwa amayi ake, za chipata ndi za amuna amene anafera pomwepo. Boaz anali m'mbuyo, akutsata madontho ofiira pa phulusa.

"Imani. Tukulani phazi."

Chiputu chinali chitalowa pansi pa chidendene, chikadali momwemo.

"Sizikupweteka?"

"Ayi. Sindinamve n'komwe," anayankha Dolika modabwa.

Boaz anagwedeza mutu ngati munthu amene wamaliza kuyang'ana ng'ombe yodwala. Sanamuthandize kuzula.

Dzuwa lili paliwombo anakwera kuphanga. Pathanthwe panali zithunzi zoyera ndi zofiira, zina ngati abuluzi, zina mizere chabe, ndipo denga linali lakudabe ndi mwaye. Dolika anagwira khoma n'kulira pang'ono chifukwa cha chimwemwe. Anamenya mbatata, n'kupatsa mwamuna wake ndi manja awiri. Boaz anati sakumva njala.

Potsika anamutengera mbali ina ya phiri. M'munsi munali mudzi wa nyumba zondanda, wosesedwa bwino. Pakhonde lina panakhala bambo wopanda zala, pena mayi wokulunga mapazi m'nsanza zoyera. Dolika anaima. Unali mudzi wa akhate umene amishoni ankasamalira.

Boaz anatsegula thumba lake, n'kuponya pansi bulangete ndi mbale ya Dolika. Anali atazinyamula kuchokera kunyumba.

"Uli ndi khate iwe. Pakhomo panga usadzapondenso."

Kuyambira tsiku la ukwati, kanali koyamba kumutchula kuti iwe.

"Nanga mwana? Akuyamwa mwana uja!"

"Waleka lero."

Dolika anagwa pansi n'kugwira mwendo wa buluku la mwamuna wake. Boaz sanafune kumukhudza, choncho anamenya zala zake ndi ndodo mpaka zinataya. Anachoka osacheuka, n'kubwerera kwawo kudzera njira youma ija.

Anthu a pamudzipo anamulandira bwino. Anamupatsa kanyumba ndi kamunda, ndipo ankamubaya jakisoni wa mafuta wotupitsa matako. Mabere anamupweteka masiku ambiri mpaka anauma. Zala zinayamba kupindika, kenako kufupika. Chaka chilichonse ankatuma mawu kwa Boaz kuti angoona ana ali patali. Yankho silinabwere.

Nkhondo ya azungu itatha, kunabwera mayi wina wodwala wochokera ku Madzimoyo. Atamva dzina la Dolika anagwira pakamwa. Kwawo anthu onse ankadziwa kuti Dolika anamira m'dambo, maliro analira, ndipo Boaz anakwatira wina chaka chisanathe. Kamwana kaja kanamwalira mvula yoyamba isanagwe. Zelipa, anatero mayiyo, akukwatiwa mwezi wamawa ndi mphunzitsi.

Dolika anayenda ndi ndodo, akugona m'misasa ya m'minda, mpaka anafika tsiku la ukwatilo. Anaima kuseri kwa nkhokwe. Atamuona Zelipa atavala zoyera, mawu anatuluka okha: "Zelipa, mwana wanga!"

Nyimbo zinaduka. Mkwatibwi anayang'ana nkhope yotupa, yopanda nsidze, kenako anayang'ana atate ake.

"Ndi wamisala wopemphapempha," anatero Boaz mofatsa. "Mpatseni chakudya azipita."

Amayi ena achikulire anamuzindikira, koma anaweramitsa mitu. Zelipa mwini anatenga fupa la nyama m'mbale, n'kuliponya pafumbi patsogolo pa Dolika, n'kupukuta manja. Anyamata anamuperekeza ndi zibuma mpaka kumsewu.

Dolika anabwerera kwa akhate anzake, ndipo za ana sanazitchulenso. Anamwalira chaka cha njala, 1949, n'kuikidwa ndi anthu amene ankagwira khasu ndi zikhatho. Boaz anakalamba ali ndi ng'ombe zambiri, ndipo pamaliro ake anthu anasowa pokhala.