Kalata Imene Inapha Nambala Yanga pa Mndandanda wa Oyendetsa Ndege

Ndivomere poyamba kuti palibe amene anandilanda kanthu. Kalata imene inanditayitsa malo anga pa ntchito ndinailemba ndekha, dzuwa likuswa mtengo, nditakhala pabalaza m'nyumba ya lendi ku Al Qusais kuno ku Dubai. Ndine woyendetsa ndege, ndipo ndauluka zaka zoposa makumi awiri. Ndikulemba izi kuti inu owerenga amene muli m'mabungwe a anthu apantchito muone mmene munthu amadzipwetekera ngakhale mfundo yake ili yoona.

Ndifotokoze kaye za nambala, poti amene sali m'ntchito yathu sazidziwa. Woyendetsa ndege akalembedwa ntchito amapatsidwa nambala pa mndandanda, motsatira tsiku limene analowa. Nambalayo ndiyo imanena amene akhale kaputeni, amene ayambe kusankha masiku a tchuthi, ndiponso amene achotsedwe ntchito ikachepa. Luso silikweza munthu pa mndandandawo. Ukachoka, nambala imafa, ndipo ukabwerera umakayambira pansi penipeni ngakhale mutu uli mbuu ndi imvi. Ine ndinali pakati pa khumi oyambirira.

Kampani imene ndinkagwirako kwathu itachepetsa ndege, bungwe lathu la oyendetsa ndege linakambirana ndi mabwana kuti ena tikagwire ntchito kunja osataya nambala. Kampaniyo inavomeranso kumatiikirabe kangachepe m'thumba la penshoni. Lamulo linali limodzi lokha, lakuti munthu akhalebe membala wa bungwe. Umu ndi mmene ndinafikira kuno ku Dubai, kudzayendetsa ndege zonyamula katundu. Mayi akunyumba nawo anapeza ntchito pa hotela ina ku Business Bay, ana athu awiri n'kuyamba sukulu konkuno.

Mkangano unabuka pa ndalama za umembala. Ndalamazi zinkadulidwa pa malipiro a pamwezi, choncho ife akunja, poti kwathu sitinkalandira malipiro, sitinkapereka kalikonse. Atsogoleri anabweretsa ganizo lakuti bungwe lizidulanso gawo lake pa ndalama zimene kampani imaika ku penshoni ya membala aliyense. Ankati amene anamenyera penshoniyo ndi bungwe, ndipo popeza kampani inayamba kuwonjezera penshoni m'malo mokweza malipiro, thumba la bungwe linali kuphwa pamene maloya sagwira ntchito yaulere.

Ine ndinakana, ndipo mpaka lero ndimakanabe. Penshoni si malipiro. Ndi ndalama imene sunaigwire m'manja, ndipo kwacha imodzi yodulidwa lero ikanabereka kwa zaka zambiri usanakalambe. Ndinkati ngati bungwe lasauka likweze ndalama za umembala poyera, ife akunja atiikire mtengo wathu, koma lisapise dzanja m'nkhokwe ya ukalamba. Mfundozi ndinkazilemba pa gulu lathu la pa foni, zazitali ngati ulaliki, ndipo ambiri ankangowerenga osayankha. Kukhala chete kwawoko ndinakutenga ngati kundinyoza.

Tsiku lina mnzathu wina wa kwathu analemba kuti a ku Dubai tikudya zonona koma tikufuna atisungire mpando kwaulere. Zinandibaya, mwina chifukwa munali kachoonadi. Wapampando wa bungwe, a Kaliwo, kaputeni wachikulire amene anandiphunzitsa ntchito, anandiimbira n'kundiuza kuti ndiugwire mtima, nkhaniyo ikupita ku voti. Mayi akunyumba ananena zomwezo, n'kuwonjezera kuti pochoka pamalo amatseka ndi mayani, osati mwala. Ngakhale a Mwanza, mnzanga wa ku Zambia amene tinkauluka limodzi, anandichenjeza tikutsika sitima ya Metro. Anati, "Mudala, kuno kulibe bungwe. Akakuuza khalas, ninshi yasila." Ankatanthauza kuti kuno bwana akati basi, ndiye kuti ntchito yatha.

Sindinamve. Ndine munthu woti ndikaona kuti ndalondola, makutu amatseka. Ndinalemba kalata yotuluka m'bungwe, ndinaitumiza, kenaka ndinachoka pa gulu lija kuti ndisaonenso za voti yawoyo. Musaganize kuti ndinaiwala za lamulo la nambala. Ndinkalidziwa bwino lomwe, koma ndinkadziuza kuti kwathu sindidzabwererako, ndidzapumira ntchito kunja konkuno. Patatha mwezi kampani ya kwathu inandilembera mwaulemu kuti dzina langa lachotsedwa pa mndandanda ndipo za penshoni zaima. Kalatayo ndinaiika m'kabati osaiwerenga kawiri.

Chaka chitatha ndi miyezi ingapo, kampani ya kuno inagulitsa ndege za mtundu umene ndinkayendetsa. Sanandilakwire chilichonse. Anatsatira kontirakiti, anandipatsa zanga zonse, n'kundigwira chanza. A Mwanza anabwerera ku Lusaka kumene malo awo ankawadikira. Ine ndinayamba kutumiza makalata uku ndi uku, ndipo yankho linali inshallah, ndiye kuti Mulungu akalola. Ena ankafuna wodziwa ndege za mtundu wina, ena ankangoyang'ana zaka zanga. Viza yanga inatha pamodzi ndi ntchito, moti lero ndimakhala m'dziko muno pa mapepala a mkazi wanga.

Nditamva kuti kampani ya kwathu yagulanso ndege ndipo ikuitana amene anapita kunja, ndinameza manyazi n'kuimbira a Kaliwo. Anandilandira bwino, anafunsa za ana. Kenaka anandiuza mosapsatira kuti nambala yanga sangaidzutse, chifukwa kutero n'kutsitsa anthu onse amene anakwera nditachoka, ndipo palibe angavomere. Anati ndikhoza kufunsira ngati watsopano, ndikakhale wothandizira kaputeni, komaliza kwa mndandanda. Powerenga zaka zimene zanditsalira ndisanafike msinkhu wosiya kuuluka, ndinaona kuti ukaputeni sindidzaufikanso.

Tisanadule foni ndinafunsa, mongofuna kudziwa, kuti tsopano amadula zingati pa penshoni. A Kaliwo anandiyankha kuti:

"Achimwene, simunamve? Ganizo lija linagwa pa voti. Anthu anatsatira mfundo zanu zomwe zija. Akunja tinawaikira mtengo wawo, penshoni sitinaikhudze."

Votiyo inachitika patangotha milungu isanu ndi umodzi kuchokera tsiku limene ndinatumiza kalata yanga. Anthu amene ndinkati akundinyoza pokhala chete anali kuwerenga ndi kugwirizana nane. Ndinathokoza a Kaliwo, ndinadula foni, ndipo ndinapita kukatenga ana kusukulu poti nthawi inali itakwana.

Ndimamva chisoni, sindibisa. Inu owerenga, ngati m'bungwe mwanu mwabuka mkangano wa ndalama, tsutsani mmene mungathere, koma tsutsirani mkati. Dikirani voti, ndipo mukagonja dikiraninso ina. Musanalembe kalata yotuluka, khalani pansi muwerenge zonse zimene zamangiriridwa ku umembala wanuwo, chifukwa zina sizigulidwanso ndi ndalama. Fomu yofunsira ntchito kwathu ndinaidzaza sabata yatha, ndipo pamene pafunsidwa za udindo ndinalemba kuti wothandizira.