Nyimbo M'galimoto ya Mkazi Wina

Galimotoyo inafika ku Metangula nyengo ya mwera, chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa pa sukulu ya ku Chiwanga. Inali yofiira, yaifupi, ya mipando iwiri yokha, ndipo denga lake linali la nsalu yakuda lomwe linkapindika n'kukagona kumbuyo. Asodzi anaipatsa dzina loti bwato la kumtunda. Mwini wake anali mayi wa ku Beira amene boma linamutumiza ku ofesi yoona za nsomba. Tonse tinkangomutchula kuti Dona. Chinyanja sankachidziwa, kupatula moni ndi zikomo.

Amuna anga amakonza mawailesi, mafoni ndi mabatire a sola, ndipo ntchitoyo amagwirira pakhonde pathu. Sukulu anaisiyira panjira kuti azipita kunyanja ndi bambo awo, choncho Chipwitikizi chawo n'chongokwanira kupereka moni ndi kufunsa njira. Loweruka lina m'mawa galimoto ija inaima pabwalo pathu, nkhuku n'kubalalika. Ine ndinali kuseri, ndikuchapa.

"Mayi, tabwerani mudzatimasulire," anandiitana motero amuna anga.

Ndinapukuta manja pachitenje n'kupita. Dona anali atavala buluku loyera, magalasi a dzuwa atawakweza pamutu. Anandipatsa dzanja lofewa, langa lili lokwinyika ndi sopo. Vuto lake linali loti denga likakhala lotseka nyimbo zinkamveka bwino, koma akalipinda n'kuyamba kuthamanga zinkasowa. Akakweza wailesi, zitseko zinkangolira ngati malata, mawu a woimba osamveka.

"Ndinaigula kuti ndizimva mphepo ndi nyimbo pamodzi," anatero, "koma ndikungomva mphepo."

Ndinamasulira. Amuna anga anaizungulira galimotoyo, kenako anagwada n'kusuzumira kumunsi kwa chitseko komwe kunali sipika.

"Muwauze kuti masipika awo akuimbira mapazi," anatero. "M'nyumba mawu amagunda khoma ndi denga n'kubwerera kwa inu. Mukasasula denga amakwera kumwamba, osabwereranso. Ndiye mphepo nayo ili ndi phokoso lake. Imayamba yakwirira ng'oma, kenako mawu a munthu."

Nditafika pa mawu oti akuimbira mapazi, Dona anaseka mpaka kugwira chitseko. Amuna anga anaweramitsa mutu akumwetulira. Tsiku limenelo ndinanyadira. Ndinawaphikira tiyi onse awiri, ndipo madzulo ndinauza anzanga kuti bwato la kumtunda lija lidzakonzedwa pabwalo panga.

Ntchito inayamba Loweruka lotsatira. Amuna anga anamasula zophimba za zitseko n'kumata m'kati mwake mphira ya machubu akale a matayala, kuti chitsulo chileke kunjenjemera. Anaitanitsa ku Lichinga timasipika tiwiri tating'ono ngati zivindikiro za botolo, n'kutiika m'makona a galasi lakutsogolo, titaloza kumakutu. Ankati mawu opyapyala amayenda mowongoka ngati mkondo, akaphonya khutu ndiye kuti apita. Pansi pa mpando anaikapo amplifaya, yopatsa masipika mphamvu kuti azilira mosakakamizidwa. Sipika yaikulu ya ng'oma anayamba aiyesa m'buti, koma m'menemo inkangoguguda yokha ngati munthu wotsekeredwa m'chipinda. Anapita kwa mmisiri wa maboti, anapempha zidutswa za matabwa, n'kukhoma kabokosi kotseka mbali zonse kokwana kuseri kwa mipando. Zonsezi ndinkazimasulira ndine, ndipo ndinayamba kuzimvetsa.

Zinasintha tsiku loyesa.

"Galimoto ikaima chilichonse chimamveka bwino," anatero amuna anga. "Tiyenera kuimva ikuthamanga pa tala."

Ndinamasulira. Dona anavomera ndi mutu, anakhala pa chiwongolero n'kuwatsegulira chitseko chinacho. Apo m'pamene ndinaiwerenga bwino mipando ija.

"Nanga mukamvana bwanji?" ndinafunsa.

"Tikukangomvetsera, mayi, sitikukacheza."

Ananyamuka kulowera ku Metangula, ine n'kutsala pabwalo ndi thireyi m'manja. Nyimbo ndinaimva mpaka anakhota kuseri kwa mitengo ya mibuyu. Pobwera tiyi anali atazizira. Amuna anga anatsika tsitsi litayera ndi fumbi, chipewa chili m'manja, akuseka kaseke kamene ndinali nditakaiwala. Anali ataphunzira mawu awiri, mayishi ndi menushi, ndiye kuti onjezerani ndi chepetsani. Ndi mawu awiri amenewo, kuphatikiza chala chachikulu choloza kumwamba kapena pansi, ntchito ya womasulira inatha.

Ma Loweruka otsatira sanandiitanenso. Ndinkakhala pakhonde ndi makope a ana a sukulu, cholembera chofiira m'manja, maso ali pa mitu iwiri yoweramira m'galimoto. Dona ankagwira tochi ya foni, iwo akupotokola kabatani. Akaimitsa nyimbo onse ankakhala chete, kenako n'kuyang'anana n'kugwedeza mitu nthawi imodzi. Kugwedeza mitu kumeneko n'kumene kunkandidya. Pa zaka zonse za ukwati wathu ine ndi amuna anga timamvana ndi mawu, nthawi zina mawu ambirimbiri. Awa analibe chiyankhulo chimodzi koma ankamvana.

Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, amayanika usipa kugombe. Tsiku lina ndinapita kukatenga ndiwo ndipo ndinam'peza akutembenuza nsomba pathandala, azimayi ena ali pomwepo.

"Mlamu, achimwene ndinawaona dzana akuuluka," anatero osandiyang'ana. "Chipewa m'manja, mano onse panja. Inu anakukwezaniko liti?"

"Akuyesa masipika."

"Eya, ayese. Ife kuno tikumva bwinobwino, kaya iwo m'katimo chikuvuta n'chiyani."

Azimayi aja anaseka. Nanenso ndinaseka, n'kunyamula usipa wanga. Panjira ndinayamba kukumbukira tinthu tomwe ndinkationa koma osatiwerengera. Amuna anga ankameta ndevu Lamulungu m'mawa pokonzekera kutchalitchi, koma tsopano ankameta Lachisanu. Malaya a buluu amene ndinawagulira pa ubatizo wa mwana wathu anali atasanduka ogwirira ntchito. Pakudya ankagogoda chala pa tebulo, kutsatira nyimbo imene ine sindinkaimva.

Kenako anatulukira chinthu china. Anati mphepo ikadumpha galasi lakutsogolo imazungulira n'kudzamenya munthu kunkhongo, ndipo phokoso lalikulu limachokera kumeneko. Mankhwala ake anali kuimika kaukonde kuseri kwa mipando, koti kaziphwanya mphepoyo koma woyendetsa n'kumaonabe kumbuyo. Anapinda waya wokhuthala kukhala felemu, anapeza ukonde wakuda wa maso ang'onoang'ono, n'kundibweretsera m'nyumba ndikusita yunifolomu ya mwana.

"Inu muli ndi dzanja labwino pa makina. Mundisokere uwu kuti ukungike."

"Ndisokenso chiyani? Pilo woti muzitsamira paulendo?"

Anaika felemu ija pansi pang'onopang'ono.

"Mayi, mwayamba liti kuyankhula chonchi?"

"Kuyambira pomwe munayamba kumeta ndevu Lachisanu."

Anagwira chibwano chawo ngati akufuna kutsimikiza. Anakhala pa mpando.

"Zonse zimene anthu amabweretsa pakhondepo ndi zakufa," anatero. "Wailesi yagwera m'madzi, foni yapsa, batire lauma. Ndimazidzutsa, mwini wake n'kunyamula n'kumapita. Aka n'koyamba munthu kundibweretsera chinthu chamoyo n'kunena kuti chikometseni."

"Nanga ndevu?"

"Simungakhale m'galimoto yotere mukuoneka ngati mwangotsika m'bwato."

Ndinawakhulupirira, koma sizinandithandize. Bola akanandinamiza. Mwamuna akakhala ndi chibwenzi umadziwa kolowera, umapita kwa ankhoswe n'kukatula nkhani. Koma ndani angapite kwa ankhoswe kukadandaula kuti mwamuna wanga akusangalala? Komanso m'kati mwanga sindinali wotsimikiza kuti inali galimoto yokha. Ndikuganiza kuti iwonso sanali otsimikiza.

Ukonde uja ndinausoka. Ndinapinda m'mphepete kawiri, ndinadutsitsa ulusi kawiri, ndinaukunga mpaka unkalira ukaugogoda ndi chala. Sindinkafuna kuti mkazi uja apeze ulusi ndi umodzi womwe wolendewera n'kunena kuti ndi ntchito ya mkazi wa mmisiri.

Loweruka limene anaumangirira, Dona anabwera pakhonde pomwe ndinakhala.

"Pulofesora, lero mukwere ndinu," anatero m'Chipwitikizi, akunditchula monga amatchulira aphunzitsi. "Makutu athu awiri azolowera, sakusiyanitsanso kanthu."

Ndinkafuna kukana. Koma ndinapezeka ndalowa m'nyumba, ndamanga duku latsopano, ndavala nsapato za kutchalitchi. Mpando unali pansi kwambiri moti ndinkaona ngati ndakhala pamphasa. Tinadutsa msewu wafumbi pang'onopang'ono, anthu a panjinga akutipatukira. Mlamu wanga anali m'mbali mwa msewu ndi beseni pamutu. Ndinayang'ana kutsogolo.

Titadutsa Metangula n'kulowa tala wokwera phiri wopita ku Lichinga, Dona anakweza magalasi a m'mbali, denga lili chopinda, n'kuponda mafuta. Ndinagwira duku, koma silinagwedezeke n'komwe. Mphepo inkadutsa pamwamba pathu. Kenako anatsegula nyimbo. Anali mayi akuimba m'Chisena ndi gitala. Mawu ake sanachokere kumapazi kapena kumbali, anaima patsogolo panga penipeni ngati wakhala pa boneti akundiyang'ana. Ndinkamumva ngakhale akamakoka mpweya. Ng'oma sindinkaimva m'makutu mokha, inkandigunda pamsana kuchokera m'kabokosi ka matabwa a boti kaja. Kumwamba kunalibe kanthu koma dzuwa ndi nthambi zodutsa. Ndinazindikira chimene chinkaseketsa amuna anga, ndipo zinandiwawa kuti anachipanga ndi manja awo, pabwalo panga, koma chinali cha munthu wina.

Pamwamba pa chitunda Dona anachepetsa nyimbo.

"Amuna anu amadziwa kumvetsera," anatero. "Amadikira mpaka chinthu chithe. Anga ali ku Beira, ndikamayankhula pa foni ndimamva akusintha matchanelo a TV. Ndimakusirirani, mukudziwa? Khonde lija, mtengo wa mango, ana akuchokera kusukulu."

Ine ndinkayang'ana manja ake. Limodzi linali pa chiwongolero, linalo linkasintha magiya iye osayang'anako. N'kosavuta kusirira khonde la mnzako makiyi ali m'manja mwako. Ine kufikira tsiku limenelo ndinali ndisanakhalepo pa mpando wakutsogolo wa galimoto iliyonse.

"Munaphunzira kuti kuyendetsa?" ndinafunsa.

"Ku sukulu yake. Ndinkapita nthawi ya nkhomaliro, osauza munthu."

Anatembenuza galimoto pamalo opapatiza, kutsogolo kamodzi kumbuyo kamodzi, n'kuyamba kutsika.

Tinapeza amuna anga ataima pamsewu, kutali ndi nyumba, akutidikira. Ndisanatsike n'komwe anali atagwira kale chitseko.

"Zamveka bwanji pa tala? Ng'oma sinathawe pokwera?"

Sanafunse ngati ndinaopa, kapena ngati ndasangalala.

"Sinathawe," ndinatero. "Koma chitseko cha mbali yangayi chikunjenjemera pang'ono woimba akatsitsa mawu."

Nkhope yawo inawala. Anandiyang'ana monga ankamuyang'anira Dona akagwirizana kanthu, n'kuthamangira pakhonde kukatenga sikuludalaiva. Anapeza kuti mphira ina inali itamatuka.

Mvula itayamba, Dona anasamutsidwira ku Pemba. Anabwera kudzatsanzika kukuwaza, denga lili lotseka. Ine anandikumbatira, amuna anga anawagwira dzanja n'kunena zikomo m'Chinyanja. Iwo anaima pabwalo akunyowa mpaka galimoto inasowa, kenako anabwerera pakhonde n'kutsegula wailesi ya msodzi wina imene inali itadikira kwa nthawi yaitali.

M'foni mwawo muli zithunzi zambiri za galimotoyo: m'kati mwa chitseko, mawaya, kabokosi, ukonde wanga. Pa chimodzi pakuoneka timasipika ta pagalasi tija, komanso mkono wa Dona uli pa chiwongolero, wotchi yake ikunyezimira. Chithunzi chimenecho ndachiyang'ana kambirimbiri iwo akusamba, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene ankajambula.

Mbiri ya ntchitoyo inafalikira. Masiku ano oyendetsa mashapa, maminibasi a ku Lichinga, ndi a njinga zamoto amabwera kuti awaikire masipika, ndipo amawaikira bwino, atavala malaya akale.

Chaka chatha mphunzitsi mnzanga anagula pikapu yakale, ndipo ndinam'pempha kuti azindiphunzitsa pa bwalo la mpira tikaweruka. Imandizimira kawirikawiri, magiya amalira, ndipo kamodzi ndinatsala pang'ono kugwetsa golo. Tsiku lina ndinaona amuna anga ataima kumapeto kwa bwalolo, atatsamira njinga yawo. Pobwerera kunyumba tinayenda wapansi, iwo akukankha njinga.

"Ndiye mukaphunzira mukufuna kupita kuti, mayi?" anafunsa.

"Ndidziwe kaye kuibweza m'mbuyo," ndinatero, "ndidzakuuzani."