Mayeso Amene Ndinalemba Pamchenga

Senderani pafupi, inu muli kukhomoko, mawu anga safika patali masiku ano. Iwe wagwira cholemberawe, lemba monga ndikuneneramu.

Ife tinalowa m'dziko muno podzera ku Katuli, nkhondo ya kwathu ku Mozambique itafika poipa. Bambo anatsala m'njira, za iwo sindinena lero. Kumsasa wa othawa nkhondo amayi sanakhalitseko. Tinatsetsereka mpaka kunyanja, kufupi ndi Malindi, kwa amalume anga amene anali asodzi. Kumeneko ndiko ndinayamba sukulu, ndili wamtali kale moti anzanga ankaseka kuti ndabwera kudzaperekeza mwana.

Kalasi yathu inali pansi pa mkuyu, ana othithikana ngati usipa pathandala. Palibe amene anatigawa, koma tinali magulu awiri. Kutsogolo, pamizu ya mtengo, kunkakhala a makope ndi mapensulo, ana a anthu ogwira ntchito kuchipatala ndi a eni magolosale. Enafe tinkalemba pansi ndi chala. Umasalaza mchenga ndi chikhatho, n'kudula malire ndi mnzako, basi kope lako ndi limenelo. Mchenga wa kunyanja ukauma sugwira chilembo, ndiye tinkayamba tauwaza madzi. Anga ndinkatungira m'kachitini ka mafuta ophikira kamene tinachoka nako kumsasa.

Belu likalira, a makope ankapinda zolemba zawo n'kupita nazo kwawo. Zanga zinkatsala pansi pa mkuyu, mbuzi za m'mudzi n'kubwera kudzaziwerenga ndi mapazi. Patuma, mwana wa Che Saidi a golosale, ankafika m'mawa za dzulo zili m'manja. Ine tsiku lililonse ndinkafika ngati mlendo. Ndinayesa kulemba pamkono ndi khala, thukuta n'kufufuta ndisanafike kwathu. Kenako ndinkangoyenda ndikulemba m'malere, anthu n'kumanong'ona kuti mwana wothawa nkhondo uja mutu wake suli bwino.

Chaka choyamba ndinalephera. Amayi, amene ankayanikira anthu usipa kuti apeze fizi, sanakalipe. Anangoti, "Asiyatu, chaka chino n'chomaliza. Ukalepheranso, sindigonekanso abale ako ndi njala chifukwa cha sukulu."

Mayeso anafika nyengo yozizira, pamene mwera umavundula nyanja, mabwato onse ali kumtunda. M'mawa umenewo kunacha bata. Ndinanyowetsa malo anga bwinobwino mpaka madzi anatha m'chitini. Aphunzitsi athu, a Mbewe, ankatchula mawu, ife n'kumalemba: nyumba, chimanga, bwato, ndi ena otero. Ndinalemba onse, mokuya, chala mpaka kuwawa. Mumtima ndinadziwa kuti ulendo uno ndakhoza.

Malamulo a ife a pamchenga anali awiri. Wonyamuka pamalo pake asanamuchongere walephera. Wopezeka chala chili pansi nthawi itatha, ameneyo akubera, walepheranso.

A Mbewe anakhala pampando wawo nayamba kuchonga makope. Musati anali munthu woipa. Kope limapita kunyumba, kwa bambo wodziwa kuwerenga, amene mawa akhoza kubwera kudzafunsa. Nanga za pamchenga akanadzafunsa ndani?

Tinadikira. Dzuwa linakwera, mthunzi wa mkuyu n'kutithawa ife akumbuyo. Ndinaona mchenga wanga ukuyamba kuyera cha m'mbali. Nyanja ndikuiona apo, chitini chili gwaa pambali panga, koma kunyamuka ayi. Ndikayang'ana kutsogolo, mulu wa makope sukutsika. A Mbewe amachonga, amasongola pensulo yawo yofiira, amaitana mwini kope, amamufotokozera pamene walakwa. Ine miyendo yachita dzanzi, mkodzo wandigwira, maso ali pa mawu anga.

Kenako masamba a mkuyu anayamba kuwayawaya. Mwera.

Ndinagwada kumbali kochokera mphepo n'kutambasula diresi. Mphepo inandizungulira. Ndikatchinga uku imalowera uko, mchenga ukuyenda pansi ngati utsi, ukudzaza m'mizere yanga pang'onopang'ono. Ndinayesa kulavulirapo, m'kamwa muli gwaa. Esinati, mwana wa msodzi amene ndinachita naye malire, iye malo ake anatchingidwa ndi chitsa. Anandinong'oneza kuti, "Ungofungatira ngati nkhuku."

"Ndifufuta ndi mimba."

"Ndiye kodzerapo, panyowe."

Ndinafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi ndiyo inabwera. Chimanga chinayamba kutha, nyumba n'kutsatira. Chala changa chinkatsika chokha, ine n'kuchibweza, kuopa kuti wina andinenera. Pomaliza ndinakhalira manja onse awiri.

A Mbewe anafika pamzere wathu dzuwa litapendeka, maso awo atafiira ndi fumbi. Anaima, nawerama.

"Walemba chiyani apa?"

"Zonse, aphunzitsi."

"Zili kuti?"

Ndinaloza. Panali timizere tochepa, tonga mmene mwadutsa nyerere. Patuma anali asanapite kwawo, ankandidikira kope lili kukhwapa. Anasendera n'kunena kuti, "Aphunzitsi, analemba. Ine ndinaona nditaimirira kukapereka kope."

"Ndiye ndichonge zimene unaona iwe?"

A Mbewe anayang'ana mzere wa ana otsala, nayang'ana dzuwa, napukusa mutu. Ine ndinkayembekeza kuti anena kuti lembanso. Sananene. Anapitirira kwa Esinati.

Kunyumba amayi sanafunse kanthu, nkhope yanga inawauza. Sukulu potsekulira, ine ndinali pantchito kwa Che Saidi, khanda lawo lili kumsana kwanga. M'mawa ndinkachapa matewera ndikumva belu.

Lero fizi ya ku pulaimale kulibe, ndipo pamene panali mkuyu paja anamangapo makalasi a njerwa. Koma ndikamaperekeza mdzukulu wanga ndimaonabe. Wina wanyamula chikwama chodzaza mabuku, madzulo ali ndi mphunzitsi wake wapadera. Wina wapinda kope limodzi m'thumba la kabudula, m'mimba mulibe kanthu. Onsewo adzapatsidwa mayeso amodzi.

A Mbewe anapuma ntchito, anakafera kwawo, ndipo amene anaphunzira m'manja mwawo amawatchula ndi ulemu. Amayi anabwerera ku Mozambique nkhondo itatha, manda awo ali komweko. Esinati anakhoza tsiku lija, koma sanapite patali, anakwatiwa msanga, pano amagulitsa nsomba mumsika ku Mangochi. Ine ndinakwatiwa konkuno, kusukulu sindinabwererenso. Patuma ndi namwino. Ndikapita kuchipatala amandilandira bwino, amandiwerengera kamwedwe ka mankhwala kawiri kuti ndisaiwale. Tsiku lina ndinamufunsa ngati amakumbukira mmene anandiikira umboni pa mayeso aja. Anaganiza, n'kumwetulira.

"Mayeso ake ati, achemwali?"