Pepala la Triza pa Chingwe

Kulira kwa njinga yamoto ya a kapitawo kunkamveka ngakhale pakati pa usiku, akamachokera kumowa ku Nsaru. Magdalena akakumva ankagwira mpweya mpaka njingayo itapitirira khomo lake.

Pa esiteti ya fodyayi anabwera pa lole kuchokera ku Phalombe, iye ndi mwamuna wake Alick. Sukulu anailekezera Fomu 2, mimba ya Triza itaonekera. Kuno analibe mbale. Pachitsime azimayi ankangomuti "wa kummwera uja," ndipo iye akafika nkhani zinkazilala. Alick naye, mvula itangoyamba, anapita ku Kasungu kukafuna ganyu, n'kungoti zii.

Lamulo la pa esiteti linali lodziwika: nyengo yosoka fodya, aliyense wodya chimanga cha bwana azipezeka m'chigafa, moyanikira fodyayo, ndi mwana yemwe. Ukakana, ndowa ya chimanga ya pamwezi imaima. Magdalena ananama kuti Triza ali ndi chifuwa, amangogona m'nyumba. Chonsecho m'mawa uliwonse mwanayo ankazemba kupita kusukulu kudzera m'munda wa chimanga, yunifolomu ili m'jumbo, n'kukavalira kuseri kwa tchalitchi. Lolemba lokha sankapita, chifukwa linali tsiku la mayi Getrude, akazi a kapitawo, lophika phala kusukulu, ndipo phalalo ankagawira m'kalasi momwemo. Mbali ya fodya ya Triza ankaisoka ndi Magdalena yemwe, mpaka zala kuchita dzanzi.

Lachisanu lina Triza anabwera akudumphadumpha.

"Amayi, pepala langa alipachika! Akuti likhala mpaka titatsekera!"

Magdalena anaganiza za Lolemba. Mayi Getrude kuwerenga ankadziwa.

Madzulo ake anatsanzika m'chigafa kuti akukafuna mankhwala, n'kuthamangira kusukulu. Anapeza mayi Jenifer, aphunzitsi a Sitandade 3, akukonza mabenchi.

"Odi, aphunzitsi. Ndine mayi ake a Triza."

"Aa, a manja akuda aja ndinu? Lowani, mwatchuka kale muno!"

Khoma la kalasiyo linali lofumbutuka, losagwira kanthu. Choncho aphunzitsiwo anamanga chingwe kuchokera pawindo kukafika pachitseko, n'kubaya mapepala a ana ndi minga ya mthethe. Ankalendewera ngati fodya m'chigafa. La Triza linali pafupi ndi khomo, pamene pamaikidwa ndowa ya phala. Pamwamba panali dzina lake lonse ndi deti la dzana.

Magdalena anawerenga chamumtima. "Amayi anga amasoka fodya. Manja awo ndi akuda ndi utomoni. Amasoka mbali yanga kuti ine ndibwere kuno. Sacheza ndi munthu. Amacheza ndi ine basi."

Anabisa manja m'chitenje.

"Aphunzitsi, ndimati mulichotse. Akazi a kapitawo akaliona, tidya chiyani?"

Mayi Jenifer analeka kuseka.

"Pepani, mayi, sindinaganizeko. Ine ndimangoona zilembo zokongola. Mukudziwa, anzake ankamuseka kalankhulidwe, ankakhala yekha kumbuyo uko. Lero amuombera m'manja. Koma mwana ndi wanu. Zulani munga, litengeni."

Anatuluka kukatseka ofesi, n'kumusiya yekha.

Magdalena anagwira mungawo. Anakumbukira kuti iye, zaka zake zonse za kusukulu, palibe chake chimene chinapachikidwapo pena paliponse. Anaganizanso za Lolemba: Triza ali m'nyumba, akukhosomola chifuwa chonamizira, podziwa kuti pachingwe patsala mpata. Nanga teremu ya mawa? Nanga chaka cha mawa? Kodi mwanayo azingovalira kuseri kwa tchalitchi mpaka liti?

Mphepo inalowa pawindo, mapepala onse n'kuyamba kugwedera. Chingwe chinali chitakhwepa chakuchitseko. Iye anachimasula, n'kuchikoka, n'kumanga mfundo ija amamangira fodya, yosamasuka ngakhale kuwombe chimphepo.

Pobwerera sanadzere m'munda. Anayenda mumsewu waukulu, akuwerengera mumtima mizere ya mbatata imene anabzala kuseri kwa nyumba, ngati ingawafikitse pokolola. Sanali wotsimikiza.

Komabe anali atamanga mfundo. Mawa m'mawa, a kapitawo asanakwere njinga yawo, akawagogodera yekha n'kuwauza kuti chifuwa chija kunalibe, kuti mbali ya mwanayo apitiriza kusoka ndi manja ake. Ndipo Lolemba Triza avalira yunifolomu m'nyumba, adzere mumsewu, akalandire phala kwa mayi Getrude ataima pansi pa pepala lake.